Filimu yopanda ndewu koma mtima uli m'mwamba, zimatheka bwanji?

wa_ku_Ulongwe walemba:

Moni nonse akuluakulu, ndabwera ndi funso, mwina atatu kumene. Ine ndili kuno ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, ndikuphunzira klasi 11, nde madzulo ndikaweruka ndimakathandiza amalume pa kanyumba kawo koonetsa mafilimu cha kumsika, ine ndi amene ndimaika ma flash ndi kutolera ndalama pakhomo. Kusukulu tili ndi kagulu ka jornalismo ndipo apulofesa atiuza kuti aliyense alembe masamba awiri za filimu ndi televizau, buku loti tiwerenge palibe, angoti kafufuzeni.

Chandipangitsa kufunsa ndi ichi. Loweruka lapitali tinaika filimu ina imene ine ndimaganiza kuti anthu atuluka, chifukwa munalibe karate munalibe asilikali ngakhale galimoto yogubuduka. Nkhani yake mzimayi ali yekha m'nyumba usiku, munthu wina walowa kale wabisala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ife tikumuona koma mzimayiyo sakudziwa kanthu akungotsuka mbale uku akuimba. Abale inu, anyamata aja amene amalongolola filimu yonse anangoti zii, mpaka wina anaimirira nkukuwa kuti usalowemo iwe usalowemo, ngati kuti mayiyo amumva. Ineyo ndinangozindikira kuti ndafumbata ndalama zija mpaka m'manja thukuta. Koma mukaonetsetsa palibe chimene chinachitika kwa mphindi mwina 10, munthu akungoyendayenda m'nyumba mwake basi.

Nde ndikufunsa, filimu yotere dzina lake ndi chani ndipo amachita bwanji kuti itigwire choncho? Chachiwiri, zithunzi zimayenda bwanji pa khoma kapena pa sikirini? Chachitatu, TV yakale ya agogo inkagwira ndi antena yokha pa nsungwi, pano popanda dekoda sionetsa kanthu, chinasintha nchani? Ndithandizeni chonde, ntchitoyi ikufunika Lachisanu.

mphunzitsi_wopuma_Domwe wayankha:

Mwana wanga wafunsa bwino, ndipo yankho la funso loyamba walipereka wekha osadziwa pamene wati ife tikumuona koma mzimayiyo sakudziwa kanthu. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse. Filimu yotere pa Chingerezi amati thriller, ife pa Chipwitikizi tinazolowera kunena kuti filme de suspense. Ya nkhonya ndi mfuti imakhutitsa maso, chachitika chachitika mwaona mwakuwa zatha. Ya terror imakuopseza ndi chinthu chenichenicho, mzukwa, magazi, nkhope yonyansa. Koma iyi imakudikiritsa. Imakupatsa chinthu choti udziwe, nkukumanga manja kuti usathe kumuuza mnzako ali m'filimuyo, kenako nkumachedwa dala.

Kunali mkulu wina wa ku England wopanga mafilimu, Alfred Hitchcock, anabadwa mu 1899 nkumwalira mu 1980, iyeyu ankafotokoza ndi chitsanzo cha bomba. Ankati tiyerekeze anthu awiri akhala pa tebulo akucheza nkhani zopanda pake, mwadzidzidzi bomba laphulika pansi pa tebulo. Oonera adzidzimuka inde koma kwa masekondi 15 okha. Tsopano tenga nkhani yomweyo, koma uwaonetse kaye oonera munthu akuika bombalo, uwadziwitse kuti liphulika 1 koloko, pakhoma pakhale wotchi ikuonetsa kuti kwatsala mphindi 15. Macheza opanda pake aja asanduka moto, aliyense akufuna kukuwa kuti dzukani pamenepo, ndipo wawagwira kwa mphindi 15 zonse. Mnyamata wako uja anaimirira kumsika anachita zimene mkuluyu ankanena ndendende.

Koma usaganize kuti nzeru imeneyi inayambira kwa azungu. Agogo athu pa nthano ankatero kumene. Ankayamba atiuza kaye kuti fisi wagona m'tchire la panjira ya kumadzi, kenako nkumati tsono mwana uja watenga mtsuko wake, watuluka, wadutsa pa nkhokwe, wafika pa mtengo wa masuku, apo nkuima kaye kusonkheza moto, ife tili tonse wathu tikumuyankha ndi mawu onjenjemera. Kusonkheza moto kuja sikuti moto unkazima ayi, ankadziwa chimene akuchita.

Zida zimene opanga filimu amagwiritsa zilipo zingapo koma chachikulu kwa ine ndi kadulidwe, kulumikiza zithunzi. Akuonetsa dzanja la mayi likupita pa chitseko, adula, akuonetsa phazi la wobisala, adula, abwerera ku dzanja lija lisanafikebe. M'moyo weniweni kutsegula chitseko ndi sekondi imodzi, m'filimu atha kuikoka mpaka theka la mphindi. Ku Russia kunali Lev Kuleshov, zaka pafupifupi 100 zapitazo, anatenga nkhope imodzi ya mwamuna yosaseka yosalira, nkuilumikiza koyamba ndi mbale ya supu, kachiwiri ndi bokosi la maliro, kachitatu ndi mkazi. Oonera anati taonani njala, taonani chisoni, taonani chilakolako, chonsecho nkhope ndi yomweyo sinasinthe. Ndiye kuti theka la filimu limapangikira m'mutu mwa woonera. Onjezerapo mdima woti usaone ngodya zonse za chipinda, kamera kuyandikira pa maso a munthu, ndi mawu. Ukaibwereza filimu ija utseke voliyumu uone, mantha atsika kwambiri. Ndiponso umvetsere pamene nyimbo yasiya mwadzidzidzi nkungotsala phokoso la madzi a m'mbale, pamenepo ndi pamene anthu amaleka kupuma.

Za mawaya ndisiyira odziwa. Ndingokuuza kuti ine kanema woyamba ndinamuonera mu holo ku Tete ndili mnyamata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Filimu yeniyeni isanayambe ankaika kaye Kuxa Kanema, nkhani za dziko za mphindi ngati 10 zopanda mitundu, zakuda ndi zoyera, zopangidwa ndi Instituto Nacional de Cinema imene boma linakhazikitsa titangolandira ufulu mu 1975. Ambirife nkhope ya pulezidenti Samora Machel ikulankhula tinaionera m'menemo. Analinso ndi magalimoto oyenda ndi projekita m'midzi kuti amene alibe holo aone nawo. Nyumba ya bungweli ku Maputo inapsa mu 1991. Ulembemo zimenezi m'ntchito yako, anzako ambiri amaganiza kuti dziko lino silinapangepo kanema.

fundi_wa_madishi_Moatize wayankha:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, ine ndilowe pa za mawayazo poti ndi pamene ndimadyera. Mphwanga, choyamba dziwa kuti filimu siyenda. Ndi zithunzi zoima zambirimbiri zimene zikusinthana mwachangu moti ubongo umazilumikiza wokha nkumaona ngati munthu akuyenda. Tenga kaderno yako ujambule kamunthu pa ngodya ya tsamba lililonse, mwendo uzisuntha pang'ono pang'ono, kenako uyendetse masambawo ndi chala uone, kayamba kuthamanga. Ku kanema zithunzizo zimakhala 24 pa sekondi iliyonse.

Kale zinkakhala pa riboni ya mamilimita 35 m'lifupi yokhala ndi timabowo m'mbali. Projekita imakoka chithunzi chimodzi, kuchiimika kutsogolo kwa getsi lamphamvu, kuwala kudutsa nkukagwa pa nsalu, kenako kachitseko kozungulira kamatseka kuwalako pamene ikukoka chithunzi chotsatira kuti usaone kukokako. Ndipo chithunzi chilichonse chimawalitsidwa kawiri, kukhala 48 pa sekondi, apo ayi maso amaona kuphethira. Riboni imeneyi imatha mamita 27 pa mphindi imodzi, nde filimu ya mphindi 90 ndi pafupifupi makilomita awiri ndi theka, nchifukwa chake inkabwera m'zitini zingapo ndipo woonetsa amayenera kukhala tcheru posintha. Ena mwa anthu oyamba kulipira kuti aonere za mtunduwu anali a ku Paris pa 28 Disembala 1895, kwa abale awiri a Lumière, ndipo zinali zopanda mawu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Mawu atabwera mpamene anagwirizana pa 24 paja, chifukwa liwiro likamasinthasintha mawu amapotoka, munthu amamveka ngati waledzera kapena ngati kamwana. Masiku ano m'maholo akuluakulu riboni kulibe, filimu imabwera ngati fayilo mu hard disk, chithunzi chili ndi timadontho 2048 m'litali ndi 1080 m'mwamba, imeneyo ndi 2K, ndipo 4K ndi kuwirikiza kawiri mbali zonse. Flash imene umaika kwa amalume ako ndi mdzukulu wa zomwezo, kungoti fayilo yake anaifinya kwambiri nchifukwa chake malo amdima amaoneka timabokosi.

Tsopano TV. Kamera imasandutsa kuwala kukhala siginolo ya magetsi, ndipo chithunzi chimatumizidwa mzeremzere kuchokera pamwamba kutsika. Yakale ija ya kuno inali ya PAL, mizere 625 koma yooneka 576, zithunzi 25 pa sekondi. Ukafunsa kuti bwanji 25 osati 24, yankho lili mu enerjiya, magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi nde anangotenga theka lake, ku America magetsi ndi a 60 nde TV yawo ndi pafupifupi 30. Kanthu kena kosangalatsa, filimu ya 24 poiika pa TV ya 25 ankangoithamangitsa pang'ono, ya mphindi 100 imatha pa 96 ndipo ambiri sankazindikira.

Za TV ya agogo, sinafe ayi, chilankhulo chinasintha. Kale inali analogi, siteshoni iliyonse ndi njira yakeyake mumlengalenga, siginolo ikafooka mumaona mchenga koma munthu mukumuonabe. Pano ndi dijito, chithunzi chimasandutsidwa manambala nkufinyidwa, moti njira imodzi imene inkanyamula siteshoni imodzi pano ikunyamula zambiri. Dziko lino linasankha mtundu wotchedwa DVB-T2, kampani yoyendetsa ma transimita ake ndi TMT, ndipo analogi anaizimitsa mu 2021. TV yakale manambala sitha kuwerenga, dekoda ndi womasulira wake basi. Kuipa kwa dijito nkwakuti ilibe pakatikati, kaya chithunzi chili mbee kaya chaima ndi timabokosi kaya palibiretu. Ndipo mafunde amenewa amayenda mowongoka, sakwera phiri nkutsikira kuseri, nde kwanu ku Angónia ndi ku Tsangano ndi mapiri aja nyumba ina igwira ina yapafupi osagwira. Antena ikwere pamwamba ndipo iloze kumene kuli transimita, osangoti bola yaima.

Parabolika ndi nkhani ina. Iyo imayang'ana satelayiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, imene imazungulira limodzi ndi dziko kamodzi pa tsiku nde kwa ife imaoneka ngati yangoima malo amodzi, nchifukwa chake dishi ndikaimanga sindibweranso kudzaitembenuza pokhapokha mphepo kapena ana aigwedeza. Mbale ija ntchito yake nkusonkhanitsa siginolo yofooka nkuiponya pa kamutu kali kutsogolo, LNB. Mvula yamphamvu imameza mafunde amenewa, nde Januwale akafika foni yanga siipuma anthu akuti dishi yawonongeka, ine ndimangoti dikirani ikate. Ulendo wopita kumwamba nkubwerera komanso kumasulira kwa dekoda kumadya nthawi, paja pa mpira woyandikana nawe wa wailesi amakuwa chigoli iwe pa dishi mpira ukadali pakati.

mayi_wa_geni_Zobue wayankha:

Ine sindinapite patali ndi sukulu koma mafilimu amtunduwu ndimawakonda kwabasi, ndikaweruka pa geni ndimaonera pa foni. Dandaulo langa lili pa omasulira. Kuno ku malire pafupifupi filimu iliyonse imene timaipeza ndi yomasulira m'Chichewa yochokera ku Malawi, ndipo pa za karate ndilibe nawo mlandu amatiseketsa. Koma pa zimene akunena aphunzitsizi ena amaononga zedi. Munthu akulowa m'nyumba mwakachetechete, nyimbo yasiya, iwe wagwira mtima, nde womasulira ali pakamwa mbwembwembwe kupereka moni kwa anzake a ku Lilongwe ndi kutsatsa shopu yake. Choipitsitsa ena amaneneratu kuti uyu musadandaule naye safa uyu, kapena wakupha ndi mlamu wakeyu muona kutsogoloku. Ndinaonera ina ya mwana wobedwa, ndakhala nayo ola lathunthu ndikuganizira wina ndi wina, basi munthu nkungonditchulira. Ndinazimitsa foni nkukagona ndi mkwiyo. Achimwene a ku Ulongwe mundiuze, imene inakhalitsa anthu chete ija inali yomasulira kapena ayi?

chapa_Tete_Calomue wayankha:

Mayi musawanyoze kwambiri omasulira, popanda iwo amayi anga kumudzi sakanaonerapo filimu mpaka kumapeto, Chingerezi sadziwa Chipwitikizi nchapatalipatali ndipo timalemba ta pansi tija sangawerenge. Komanso taonani zimene anena aphunzitsi za bomba, akuti woonera adziwiretu. Nde womasulira akaneneratu si ndiye kuti akuthandiza kuika bomba pansi pa tebulo? Ine m'galimoto ndikaika yomasulira anthu sadandaula za msewu mpaka tifike.

mayi_wa_geni_Zobue wayankha:

Ayi achimwene musasakanize. Kundiuza kuti pansi pa tebulo pali bomba ndi china, kundiuza kuti bombalo siliphulika ndi chinanso. Choyambacho chimandipatsa nkhawa, chachiwiricho chimandilanda nkhawayo, nde ndikhaliranji pamenepo? Wopanga filimu anasankha yekha choti ndidziwe ndi choti andibisire, womasulira angondipatsa mawu a anthuwo m'chilankhulo changa, pamene iwo akhala chete nayenso akhale chete. Alipo ena amatha bwino, amatsitsa mawu mpaka kunong'ona pamalo oopsa, amenewo ndimawafunafuna ndipo ndimalipira mosanyinyirika.

mphunzitsi_wopuma_Domwe wayankha:

Mayi a ku Zóbuè anena zoona ndipo mwana wanga ulembe mmene anenera iwowo, aposa buku. Woonera adziwe ngozi koma asadziwe mathero. Paja palinso mtundu wina umene amakubisira wolakwa mpaka kumapeto, wa apolisi ofufuza, umenewo umakoka mutu kuti uziganiza, pamene wa mayi wotsuka mbale uja umakoka mtima. Mafilimu ambiri abwino amaphatikiza ziwirizi. Koma a chapa nawonso ali ndi mfundo, filimu imene anthu sakuimva chilankhulo ndi ya anthu ochepa.

Ndiwonjezere za mbiri poti afundi atchula za TV. Ya dziko lino inayamba mu 1981 ngati yongoyesera, Televisão Experimental, ndipo inkaoneka ku Maputo kokha, pambuyo pake mpamene inadzakhala TVM, Televisão de Moçambique. Ku Malawi TV yawo inayamba mu 1999. Ndiye ife a kuno amene nkhondo inatithamangitsira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkudzabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, tinadziwa vidiyo ya kaseti m'tinyumba ngati ka amalume ako tisanaidziwe TV yeniyeni. Chimene chinatilera ndi wailesi, masewero a pa MBC ndi mapulogalamu a Chinyanja a Rádio Moçambique ya ku Tete. Ndipo pa sewero la pa wailesi munthu ankatha kukuopseza ndi kulira kwa chitseko chokha ndi mapazi, chithunzi palibe, mudzi wonse utazungulira kawailesi kamodzi ka mabatire.

wa_ku_Ulongwe wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse mu kaderno ndipo masamba awiri aja sakwananso. Amayi a ku Zóbuè, inali yosamasulira, yachingerezi yeniyeni ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ankamva mawu, mwina nchifukwa chake kunali zii. Dzulo ndinaibwereza ndekha nditatseka voliyumu monga ananenera aphunzitsi, zoonadi inangokhala ngati mzimayi akukonza m'nyumba. Ndinawerenganso kudula kuja, kuyambira pamene waika mbale pansi mpaka kugwira chitseko anadula ka 14.

Tsopano ine ndi anzanga awiri a m'kagulu taganiza zoyesa yathu ya mphindi zitatu pa foni. Tili ndi njoka ya pulasitiki. Tionetsa kaye ikulowa m'dengu la mbatatesi, kenako achemwali anga abwera kudzakhala pafupi ndi dengulo akusenda uku akucheza ndi mnzawo za mitengo ya feteleza, dzanja likulowa m'dengu nkutuluka, likulowa nkutuluka, mbatatesi zikuchepa. Kumapeto sitinagwirizanebe, wina akuti ilume wina akuti mwana aitane achemwali adzuke dzanja litatsala pang'ono. Afundi, foni yanga ndi yotchipa, pali chimene ndingachite kuti zioneke bwino?

fundi_wa_madishi_Moatize wayankha:

Foni yotchipa si vuto mphwanga, vuto ndi dzanja lonjenjemera ndi mphepo. Igoneke chopingasa osati choimika, uitsamiritse pa njerwa kapena pa mpando, ndipo zoom usaigwire, ukafuna dzanja lioneke pafupi sendera wekha ndi miyendo. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena pa mthunzi wa khonde, dzuwa likhale kumbuyo kwako osati kumbuyo kwa achemwali ako apo ayi nkhope ida bii. Mawu ndi amene amagwetsa ambiri, nde bwereka foni yachiwiri uibise pafupi ndi pamene akhala izijambula mawu okha, poyamba wina awombe m'manja kamodzi kuti polumikiza upeze poyambira. Chinthu chimodzi uchijambule katatu, patali, pa nkhope, pa dzanja ndi dengu, kuti ukhale ndi zodula. Njokayo ya pulasitiki ikaonekera nthawi yaitali anthu aizindikira nkuyamba kuseka, ionetse kamodzi kokha poyamba, mchira ukulowa wina akuukoka ndi ulusi, kenako dengu lokha lizigwira ntchito. Mukamaliza itumize kuno tiione, ndipo mathero musatiuziretu, mayi a ku Zóbuè ali pompano.